Mapira a Atate ndi Phiri la Megido

Kawaza,
Mambwe.
4 Disembala 2022

Okondedwa alongo anga a Cosmas,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu anga a Gladys ndi ana kumeneko ku Solwezi. Musadabwe kuona pepala masiku ano a mafoni. Katatu konse ndayesa kukuuzani nkhaniyi pa foni, ndipo katatu konse mwati, "Thelma, ndili pa shifiti, ndikuimbira." Mpaka lero ndikudikira. Kalatayi ndapatsira Sydney, amene akubwerera kumgodi mawa, ndipo ndamuuza kuti asangokupatsani n'kuchoka ayi, koma aime pomwepo mpaka muiwerenge yonse.

Nkhani ndi iyi. Mvula yagwa, mudzi wonse uli m'minda, koma Amayi akana kudzala. Akuti dziko likutha pa 31 Disembala, ndiye kudzala n'kungotaya mphamvu. Mukudziwa inu kuti mapira athu aatali aja safuna kuchedwa; akapanda kulowa m'nthaka pofika pakati pa mwezi uno, mvula idzawasiya asanakhwime. Choipa koposa n'chakuti mbewu yatsala mtolo umodzi wokha. Wolakwa pamenepo ndine, koma ndifikapo, mundilole ndiyambire poyambira.

Mukumkumbukira Bwezani, uja anali kondakitala wa minibasi ya Chipata, amene ankati akakuwa pa Jumbe agalu onse n'kuyankha? Lero ndi mneneri. Wavala mkanjo woyera, wamanga chisakasa pafupi ndi mjigo, ndipo masana alionse amawerengera anthu zizindikiro: korona, madzi osefukira, nkhondo zimene tikumva pa wailesi, njovu zolowa m'midzi dzuwa likuswa mtengo. Akamaliza amakweza dzanja n'kukuwa kuti, "Aramagedo! Aramagedo!" monga momwe ankaitanira anthu opita ku Mfuwe, ndipo ndikuuzeni, minibasi yakeyi yadzaza. Koma musamuyese wakuba. Satenga kanthu kwa munthu, ndipo mbuzi zake zonse zisanu ndi ziwiri wagawira amasiye. Iye mwini akukhulupirira ndi mtima wonse, ndipo chimenechi ndicho chimandiopsa kwambiri.

Amayi anayamba kupitako mu Ogasiti, patatha miyezi itatu tiikire Atate. Poyamba ndinakondwera. Munthu amene ankangokhala pakhonde kuyang'ana njira ya kumunda anayambanso kusamba m'mawa, kumanga duku loyera, ngakhale kuimba potunga madzi. Ndinati m'mtima, ngati mankhwala ake ndi Bwezani, amwe ndithu. Sindinafunse kuti akuchira ndi chiyani.

Mwina simukudziwa, popeza munafika mochedwa n'kuchoka msanga, kuti dzulo lake la tsiku limene njovu ija inawapeza kumunda n'kuwapha, Atate anali atayenda munda wonse kusankha ngala za mbewu monga ankachitira chaka ndi chaka tisanayambe kukolola. Anazimanga ndi luzi m'mitolo n'kuzipachika kudenga la khitchini, pamwamba pa moto. Ndi mapira ofiira aja ochokera kwa agogo a Amayi, amene mbalame sizikonda ndipo misinde yake tinkatafuna tili ana. Ndafunsa mpaka kutsidya kwa Lupande, palibenso amene ali nawo. Onse anatengeka ndi mbewu za m'mapaketi.

Tsiku lina mu Seputembala tikudya, Amayi anangoti, "Mbewu ija ndidzaiviika. Tipange chimera, tiphike thobwa loti anthu adzamwe podikira tsikulo." Anazinena ngati akunena za nkhuni. Ine ndinaleka kudya n'kuwayang'ana. Mawa lake atapita ku mapemphero ndinalowa m'khitchini mwawo ngati mbala, ndinakwera pa mtondo n'kutsitsa mitolo. Ndinapeza inayi. M'mutu mwanga ndinkakumbukira isanu, koma ndinati mwina chisoni chinandisokoneza kuwerenga. Ndinapita nayo kwanga, ndinapukusa ngala zonse kuti zikwane m'ndowa ya pulasitiki, ndinavindikira n'kukankhira kunsi kwa bedi. Ndinadziona ngati ndapulumutsa mtundu wonse.

Amayi sanafunse. Miyezi iwiri yathunthu tinkadya mbale imodzi, kukambirana za nkhuku, za mjigo wowonongeka, za chifuwa cha mwana wanga Precious, koma za denga lopanda kanthu lija palibe anatsegula pakamwa. Bola akanandikalipira, alongo. Kukhala chete kwawoko kunkandidya tsiku ndi tsiku.

Tsopano ndikuuzeni za mlendo. Ntchito yanga ikadali yomwe ija yolandira alendo odzaona nyama a m'malodge amene amabwera kudzagona m'mudzi muno: kuwaonetsa kusinja, kuwaperekeza kusukulu ndi kuwamasulira. Kumayambiriro kwa Novembala, m'gulu lomaliza mvula isanatseke misewu, munali mayi wina wachikulire wa ku Israyeli, woyenda ndi ndodo, amene kale anali namwino. Tikudutsa pa mjigo anamva mfuu ya kwa Bwezani n'kundifunsa kuti anthuwo akuitana ndani. Nditamuuza m'Chingerezi kuti akudikira Aramagedo, anaseka mpaka kutsamira ndodo, kenaka anagwira pakamwa n'kupepesa.

"Pepa mwanawe, sindikuseka anthu ako," anatero. "Koma ine ndimakhala pafupi napo. Mphindi twente pa basi."

Ndinaganiza kuti Chingerezi changa chandithawa. Ndinamufunsa kuti munthu angakhale bwanji pafupi ndi tsiku. Apo anakhala pansi pa mthunzi wa mango, anatulutsa foni, n'kuyamba kundiphunzitsa ngati mwana wa giredi yoyamba. Akuti mawuwa ndi a chinenero chawo, Chihebri, ndipo ndi awiri olumikizidwa. "Har" ndiye kuti phiri, "Megido" ndi dzina la mudzi wakale. Har Megido, phiri la ku Megido, monga tinganenere kuti phiri la kwa Jumbe. Atalembedwa m'Chigiriki n'kudutsa m'milomo ya mitundu yambiri, ndi amene afika kwa ife ngati Aramagedo. Ndipo akuti m'Baibulo monse amapezeka kamodzi kokha, pa Chivumbulutso 16:16. Nditafika kunyumba ndinatsegula, ndipo alidi pomwepo, ndipo vesilo likunena poyera kuti ndi malo amene mafumu adzasonkhanitsidwe.

Ndinamufunsa chifukwa chake malo amenewo, osati ena. Akuti mudziwo unali pa njira yaikulu yochoka ku Igupto kupita kumaiko a kumpoto, pamene njirayo imatuluka m'mapiri kulowa m'chigwa, ndiye mfumu iliyonse yofuna kulamulira njirayo inkayenera kumenyana pamenepo. Ngakhale mfumu Yosiya ija tinkaphunzira ku Sande sukulu inalasidwira komweko. Magazi anakhetsedwa pamenepo kambirimbiri, mpaka dzinalo lokha linkakumbutsa anthu nkhondo, monga ife tikamva dzina la dambo limene munthu anagwidwapo ndi ng'ona.

Kenaka anandionetsa zithunzi. Alongo, ndinachita manyazi m'malo mwa Bwezani. Si phiri n'komwe, ndi chitunda chabe, chosafika pa zimene mumaona potsika kuchoka kwa Jumbe. Pamwamba pali miyala ya nyumba zakugwa ndi mitengo ya kanjedza, m'munsi muli msewu wa tala, ndipo mozungulira monse ndi minda yobiriwira, thirakitala ikulima. Akuti chitundacho chinakula chifukwa mudzi ukaphwasulidwa, otsala ankasalaza mabwinjawo n'kumanganso pamwamba pake, koposa kamakumi awiri. Chithunzi chomaliza chinali cha dzenje lalikulu lozungulira, lomangidwa ndi miyala, lokhala ndi makwerero awiri, ena otsikira ena okwerera. Anati, "Iyi inali nkhokwe yawo. Ofukula anapezamo mankhusu a tirigu m'mipata ya miyala." Anawonjezanso kuti, "Zimene Akhristu amayembekezera sindikutsutsa, si za ine. Ine ndikukuuza za phiri lokha." Mawu omalizawa ndinawamva ndi khutu limodzi.

Paja amati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa, koma sananene kuti wopatsidwayo aziyamba waphunzira kumeta. Atanditumizira zithunzizo pa foni yanga, ndinathamangira kwa Amayi mtima uli dyokodyoko. Ndinawapeza pabwalo akusenda mtedza ndi amayi awiri a ku mapemphero kwawo. Mwana wolongosoka akanadikira alendowo achoke. Ine ayi.

"Mwaswera bwanji, Amama? Taonani Aramagedo wanu uja, ndi uyu apa."

Anapukuta manja pa chitenje, analandira foni n'kuitalikitsa kumaso monga amachitira. Anayang'ana nthawi yaitali.

"Ichi n'chulu," anatero.

"Ndi pomwepo, Amama. Ndi dzina la malo chabe. Anthu akulima m'munsi mwake, onani thirakitala iyo. Pamwamba pake pali ngakhale nkhokwe. Ndiye ngati eni ake a Aramagedo akudzala, ife a ku Kawaza tilekerenji?"

Ndinaseka pang'ono kuti nawonso aseke. Amayi awiri aja anangoyang'ana m'lichero. Amayi anandibwezera foni ndi manja awiri, ngati akubweza chinthu cha mlendo.

"Ndiye palibe tsiku?"

"Tsiku salidziwa munthu, Amama. Bwezani ankasochera ngakhale pa nthawi ya basi."

"Thelma," anatero motsitsa mawu, "Bwezani akuti tsiku limenelo manda adzatseguka. Ine m'mawa uliwonse ndimachotsa limodzi. Lero atsala fifite-folo. Iwe wathamanga ulendo wonsewu ndi foni yako kudzandiuza kuti atate ako akhala momwemo, ine ndizingolima?"

Alongo, apo ndi pamene ndinamvetsa. Miyezi yonseyi ndinkayesa kuti Amayi akuopa kutha kwa dziko, ndipo ndinabwera kudzawachotsa mantha. Sankaopa ayi, ankalakalaka. Kuimba kuja potunga madzi kunali kwa munthu amene akudikira mwamuna wake kuchoka kuulendo. Ndinabwerera kwanga ndikulira, ndipo zithunzi zija sindinazitsegulenso. Kuyambira tsikulo amapitabe ku mapemphero, koma kuimba analeka, ndipo ndikudziwa kuti ndinawaleketsa ndine.

Lachinayi lapitali kunagwa mvula yeniyeni, yoyambira fotini awazi mpaka madzulo, nthaka inanyowa kufika chigongono. Lachisanu m'mawa ndinati basi, afune asafune, ndikadzala ndekha. Ndinakoka ndowa ija kunsi kwa bedi. Nditangotsegula, fungo lokha linandiuza. Pamwamba panali fumbi loyera, ndipo anankafumbwe anali nyakanyaka mpaka m'chivindikiro, chimene chinali ndi mng'alu umene ndinauona kale koma osausamala. Nyumba yanga ya malata ija mu Okutobala imatentha ngati uvuni, ndiye anaswana mwaufulu. Ndinatapa dzanja limodzi n'kuponya m'madzi kuti ndione ngati pali zamoyo. Pafupifupi zonse zinayandama.

Ine amene ndinafika giredi thwelofu, amene ndimafotokozera azungu m'Chingerezi chifukwa chake timapachika mbewu pa utsi, ndinaichotsa pa utsi. Nzeru zayekha anaviika nsima m'madzi. Mbewu imene inapulumuka njala, madzi osefukira ndi njovu kuyambira nthawi ya agogo, ndinaipha ine poipulumutsa.

Ndinasenza ndowayo mpaka kukhitchini kwa Amayi, ndinaitula, ndinagwada n'kuulula zonse. Anasuzumiramo, anatapa pang'ono, anafikisa m'manja n'kuuzira fumbi.

"Umayesa utsi uja unali wokongoletsa?" anafunsa. Sanakweze mawu. Kenaka anati, "Gwira mtondo uwu usagwedezeke."

Anakwera, munthu wa zaka sikisite-faifi, anapisa dzanja kuseri kwa mtanda kumene mwaye unaunjikana, n'kutulutsa mtolo wachisanu. Unali wakuda bii, koma atagwedeza njere zinalira bwinobwino, zouma, zopanda bowo ngakhale limodzi.

"Tsiku lija ndinanena za thobwa ndinaona maso ako," anatero akutsika. "Ndinakubala ndine. Ndinadziwa kuti ubwera."

Ndinati, "Ndiye kuti nanunso mumafuna kudzala, Amama!"

"Usandiikire mawu m'kamwa. Mfundo iyi anamanga ndi atate ako. Ndi chinthu chomaliza chimene manja awo anamanga, sindinafune kuti uimasule iwe."

Ndinawapempha, ndikadali chogwada, kuti tipite kumunda tsiku lomwelo. Ndinati ngati dziko litha, litipeze mapira ali m'nthaka, sitiluza kanthu. Anakhala pa mpando wawo waung'ono uja, mtolo uli pamiyendo, n'kundiyankha motere, ndipo ndikulemba monga anayankhulira:

"Zaka fote-wanu ndakhala ndikuyenda kumbuyo kwa khasu la atate ako. Iwo patsogolo kukumba mapando, ine pambuyo kuponya ndi kufotsera ndi phazi. Sindinayezepo ndi chingwe. Phazi langa limadziwa phazi lawo. Ukufuna ndiziyenda kumbuyo kwa ndani?"

Ndinati ndikumba ine. Anapukusa mutu, akuti mayendedwe anga ndi aafupi, mapira adzathinana n'kumangotalika osabereka. Ndinati tipemphe wina wa m'mudzi. Anati munda wa mwamuna wawo si msewu woti aliyense apondemo. Ine ndinali nditadziwa kale kumene nkhaniyi ikupita.

"Amene anaphunzira kuponda pamene atate ake aponda alipo mmodzi," anatero. "Akabwera Cosmas, ndidzaponya. Akapanda kubwera, pa seventini ndiviika, kuti chimera chimere ndi kuuma nthawi ikadalipo."

Atatero anakweranso pa mtondo n'kubwezera mtolowo poonekera, pakati penipeni pa denga. Akudziwa kuti sindingaukhudzenso.

Pa 17 ndi Loweruka, alongo, ndipo Amayi mukuwadziwa, sanena kawiri. Ine tulo sindikupeza. Sindikubisirani, nthawi zina kukachita mdima kumadzulo ndi mabingu, nanenso ndimayamba kuganiza kuti bwanji ngati Bwezani akunena zoona. Koma chimene chikundiopsa kwenikweni si tsiku la 31. Ndi m'mawa wa pa 1 Januwale, tambala akadzalira monga mwa masiku onse, dzuwa n'kutuluka, manda a Atate ali chitsekere. Amayi adzabwera kuchoka kuchisakasa kuja ndi chigubu chopanda kanthu, tsiku lawo lapita, mbewu yapita, munda uli thengo. Adzadzukiranso chiyani? Pakakhala mapira ofika m'mawondo ofuna kupalira, mwina adzatukwana udzu n'kutenga khasu. Popanda zimenezo ndikuopa kuti tidzaika maliro achiwiri chaka chisanathe.

Tsopano ndinene chimene takhala tikuchizungulira inu ndi ine pa foni. Ndikudziwa kuti mu Epulo Atate anakuimbirani kuti mutenge tchuthi mudzawathandize kulondera ndi kukolola, popeza njovu zinali zitayamba kuvuta, ndipo inu munati mubwera mu Juni. Ndinali pomwepo, foniyo inali yanga. Pa maliro munakhala kuseri kwa nyumba masiku onse, osayang'ana Amayi kumaso, ndipo tsiku lometa lisanafike munali kale pa basi. Kuyambira pamenepo mumatumiza shuga, mafuta, sopo, zonse timalandira ndipo tikuthokoza, koma inu eni simuoneka. Ndakhala ndikukukwiyirani, osati chifukwa cha Epulo, koma chifukwa mwandisiya ndekha ndi zonsezi. Lero mkwiyo watha. Amene wawononga mitolo inayi alibe pakamwa poweruzira mnzake.

Sydney akuti mukanyamuka Lachinayi mugona ku Lusaka, Lachisanu madzulo muli ku Chipata, Loweruka m'mawa minibasi yoyamba ikutulani kuno. Msewu wa m'mudzi ukadali wopitika, koma mvula ikagwanso kawiri mudzayenda pansi kuchoka pa tala, ndiye valani majombo. Musavutike kunyamula kanthu. Mtolo umodzi sudzaza munda wonse, ndi ntchito ya m'mawa umodzi kapena iwiri, ndipo abwana anu akafunsa muwauze kuti kwanu kuli matenda, simudzakhala mutanama.

Mundiperekere moni kwa alamu anga a Gladys, muwauze kuti sindikuwalanda mwamuna, ndikungobwereka. Ana muwapsompsone. Precious akupereka moni, chifuwa chija chachepa, ndipo akufunsa ngati amalume akadali ndi ndevu.

Ndisanatseke ndinapita kwa Amayi kukawauza kuti ndikukulemberani, ndipo ndinafunsa ngati ndiikemo moni wawo. Anali akukoleza moto pansi pa mtolo uja, ndi nkhuni zaziwisi kuti utsi uchuluke. Sanatembenuke. Anati, "Moni ndidzampatsa ndekha. Iwe ungolemba kuti akanabwera nthawi ija atate ake anamuitana, ndikanaika awiri. Umuuze kuti ndimathokoza Mulungu kuti sanabwere. Koma tsopano abwere."

Ndalemba monga ananenera.

Ndine mlongo wanu amene akuyang'ana kunjira,

Thelma